Nyongolotsi Sizidya Mizu ya Mbewu

Alimi ambiri akaona nyongolotsi m'dimba amazipha poganiza kuti ndizo zikudya mizu ya tomato kapena chimanga. Maganizo amenewa ndi akale kwambiri, ndipo ngakhale ku England anthu ankaziona ngati tizilombo towononga mpaka wasayansi Charles Darwin atafalitsa kafukufuku wake mu 1881.

Nyongolotsi ilibe mano. Imameza dothi pamodzi ndi masamba, mapesi ndi mizu yomwe yafa kale n'kuyamba kuwola. Zimene imatulutsa zimakhala ndi nayitirojeni ndi fosiforasi zimene mbewu zimayamwa mosavuta, pomwe mauna ake amalowetsa mpweya ndi madzi a mvula pansi. Mbewu ikafota, fukulani bwino: kawirikawiri mupeza chiswe, mbozi zoyera kapena mizu yotupa chifukwa cha manematodi, tizilombo ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Zimandiwawa kuona mlimi akupha wantchito wake, wolakwa weniweni atatsala m'nthaka.

Ena amati popeza nyongolotsi zimakonda zowola, matope a m'zimbudzi angathiridwe m'munda osawoletsa. Ayi ndithu. Matope aawisi amakhala ndi amoniya wambiri amene amapha nyongolotsizo, komanso mazira a njoka za m'mimba omwe amakhala amoyo m'dothi kwa zaka. Malangizo a 2006 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati m'madera otentha zonyansa za anthu zisungidwe kupitirira chaka chathunthu zisanapite kumunda. Matope osakanikirana ndi madzi a m'mafakitale angakhalenso ndi mtovu ndi kadimiyamu, zitsulo zapoizoni zimene sizitha ngakhale manyowa atapsa, ndipo zimaunjikana m'thupi mwa nyongolotsi mpaka kukafika kwa nkhuku yoitola.