Zoti tornado siwoloka mtsinje ndi bodza

Ku America ena amati ukakhala pafupi ndi mtsinje waukulu ndiye basi wapulumuka, ati kamvuluvulu wa tornado amathera pamadzi. Bodza lenileni limenelo. Pa 18 Malichi 1925 kunabuka akamvuluvulu angapo tsiku limodzi, wamkulu kwambiri anayambira m'chigawo cha Missouri nkuwoloka mtsinje waukulu wa Mississippi ngati palibepo kanthu, kulowa Illinois kenako kuwolokanso mtsinje wa Wabash mpaka Indiana, mtunda wa makilomita oposa 350 m'maola atatu ndi theka. Anthu 695 anafa, kutauni ya Murphysboro kokha 234, ndipo katauni ka Gorham, komwe kali chapafupi ndi Mississippi yemweyo, kanaphwasukiratu. Mphamvu ya tornado imachokera mumtambo wa mabingu kumwambako, ndiye mtsinje pansipa ungamuletse bwanji.