Kuchepa kwa milandu ya ngongole sikutanthauza kuti chuma chili bwino

Ena amati ngati ndi ochepa amene khoti lawagamula kuti alephera kubweza ngongole, ndiye kuti chuma chikuyenda bwino. Kuno kwathu zimenezi n'zosocheretsa.

Lamulo la Insolvency Act la 2016, lokhudza olephera kubweza ngongole, lilipo ndithu, koma kuti nkhani ifike ku High Court ku Blantyre pamafunika loya ndi ndalama. Wogulitsa kaunjika ku Limbe kapena mayi wa mandasi ku Ndirande amakongola kubanki mkhonde kapena kwa akatapila. Akalephera, amamulanda wailesi, matiresi, ngakhale njinga, kukhoti osalembedwa kanthu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mipamba ya ambiri inangothera m'makwalala motere.

Komanso mabanki amakongoza anthu ochepa, choncho owatengera kukhoti amakhalanso ochepa.