Matailosi akulira ngati ng'oma? Vuto lili pansi pake

Mwezi watha ndinaitanidwa ku Chilomoni, mayi ena akudandaula kuti matailosi apabalaza akulira ukaponda ndipo ena ayamba kusweka, chonsecho anagula odula, a masentimita 60 by 60 aja. Ndinagogoda ndi mtengo wa mopu ndipo nditachotsa limodzi zinaoneka zokha, pansi pofiira pa red oxide paja pakuwalabe ndi polishi wa Cobra wa zaka kaya zingati. Amene anaikayo anangopaka guluu wa matailosi pamwamba basi nkulandira ndalama yake. Polishi ndi phula abale, simenti siigwira pa phula olo mugule guluu wamtengo wanji. Pansi potere pamafunika kusema ndi hamala ndi tchizulo kapena kupala ndi girayinda mpaka pakhale pokhakhala, kenako kusesa ndi kutsuka fumbi lonse, chifukwa fumbi nalonso limalepheretsa guluu kugwira.

Koma chimene chimandivutitsa kwambiri kuno ku Blantyre ndi chinyezi. Nyumba zambiri ku Ndirande, Bangwe, Soche zinamangidwa pamtsetse, kumbuyo munakumba phiri ndiye mvula ikagwa madzi amadutsa pansi pa silabu, ndipo ngati omanga sanayale pulasitiki yakuda ija asanathire konkire, chinyezi chimakwera ndithu. Kuyesa kwake nkosavuta. Dulani pulasitiki pafupifupi theka la mita mbali zonse, muimate pansi ndi selotepi osasiya mpata, idikireni tsiku lathunthu. Mukapeza timadontho kunsi kwake kapena simenti yada, musaike kanthu kaye, makamaka vinyl kapena matabwa a laminate aja, amafufuma nkuyamba kununkha nkhungu. Yambani mwakonza ngalande kuseri kwa nyumba.

Silabu yatsopano ipatseni masiku 28, ndikudziwa alendi akudikira koma palibe kuchitira mwina. Simenti yosalazira pamwamba ija imauma pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiye ya masentimita 4 ndi mwezi ndi kuposa, nthawi ya chiperoni mu June ndi July onjezerani masiku.

Za levulo ndiye zachidule. Gonekani chitsulo chowongoka cha mamita 2 malo osiyanasiyana, mpata ukaposa mamilimita 3 pakufunika kudzaza kapena kusema. Musalole mmisiri akuuzeni kuti "tiongola ndi guluu bwana", guluu wochindikala amaphwa akamauma, amasiya mphako, komanso matumba ake amadula kuposa simenti. Dzazani ndi simenti muyezo umodzi ku mchenga miyezo inayi, mchenga wake wamumtsinje wopanda dothi, ukaufumbata usamadetse dzanja.

Mng'alu muuyang'anitsitse. Kang'ono ngati tsitsi kamatsekeka, koma ngati mbali imodzi yakwera kuposa inzake ndiye kuti dothi lapansi likutitimira, ndipo tailosi lidzasweka motsata mzere womwewo. Pamenepo itanani injiniya kaye. Kwa mayi a ku Chilomoni aja tinachotsa pabalaza ponse, matailosi amene anatuluka amphumphu sanakwane ndi theka lomwe.