Headset ya VR yopepuka: musanagule, onani kaye pomwe kulemerako kwakhala

Sabata yathayi kunabwera mnyamata wina pa shopu yanga pa Kamuzu Road, wachokera ku Senga Bay pa kabaza, atanyamula headset ya VR yotchedwa Quest 2 yomwe achimwene ake anamutumizira kuchokera ku Joni. Akuti bwana ndikufuna ndiigulitse ndigule ina yopepuka, iyi ndikasewera mphindi 40 zokha khosi limachita kuuma ngati ndagona pa mtondo. Ndipo anali atalemba kale pa kapepala kulemera kwa ma headset angapo, kuti asankhe ya nambala yochepa. Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ma laputopu ndi ma console, ndiye zoterezi zimandipeza, ndipo ndinamuuza kuti nambala ili papepalayo ndi theka chabe la nkhani.

Kwa amene simunaionepo, headset ya VR ndi chija mumavala kumaso ngati magalasi aakulu, mkati muli timasikirini pafupi ndi maso ndi ma lens, ukatembenuza mutu chithunzi chimatembenukanso, moti umaona ngati uli mkati mwa gemumo. Quest 2 inatuluka mu 2020 ndipo imalemera magalamu 503. Tengani paketi ya shuga ya kilo, mugawe pakati, theka limenelo mulimangirire kumaso ndi lamba wa nsalu, basi ndi zimenezo. Valve Index ya 2019 ndiye inali katundu, magalamu 809. PlayStation VR2 ya 2023 ili cha m'ma 560.

Tsopano apa ndi pomwe mnyamata uja anadabwa. Quest 3, yomwe inatuluka mu 2023, imalemera magalamu 515, kuposa yakeyo. Koma anthu ambiri akaivala amati yapepuka. Bwanji? Funsani mayi aliyense wotunga madzi pa mjigo. Ndowa ya malita 20 akaisenza pakati pa mutu ndi nkhata amayenda nayo mpaka kunyumba akucheza, koma ndowa yomweyo muinyamule ndi manja mutaitambasulira kutsogolo, simufika pa mtengo wa mango uwo. Madzi ndi omwewo, chasintha ndi pomwe akhala. Headset nayonso ikatalikira kutsogolo kwa nkhope imakoka mutu kuti uwerame, ndiye minofu ya kumbuyo kwa khosi imakhala ikulimbana nayo nthawi yonse imene mukusewera, inu osadziwa, mumangozindukira kupweteka mukavula.

Chimene chimaitalikitsa ndi ma lens. Quest 2 ili ndi ma lens otchedwa Fresnel, aja okhala ndi timizere tozungulira, ndipo amafuna mpata ndithu pakati pa lens ndi sikirini kuti chithunzi chioneke. Zatsopanozi, monga Quest 3, zili ndi ma lens otchedwa pancake, omwe kuwala kumabwerera uku ndi uku mkati mwake kusanafike m'diso, ndiye sikirini imatha kukhala pafupi kwambiri, chinthu chonse chimaphwatalala n'kuyandikira nkhope. Kuipa kwake amadya kuwala kwambiri, sikirini imayenera kuwala mwamphamvu ndipo batire limamva. Chenjerani ndi Quest 3S ya 2024: ndi yotchipa, inayamba pa madola 299 pomwe Quest 3 inayamba pa 499, magemu imasewera omwewo, koma ma lens ake ndi Fresnel omwe aja ndipo imalemera magalamu 514. Ngati vuto lanu ndi khosi, kuchoka pa Quest 2 kupita pa 3S ndi kusintha malaya basi, thupi lomwelo.

Pico 4 ya 2022 anaganiza bwino, batire analiika kunkhongo, kutsogolo kunatsala magalamu osafika 300. Yonse pamodzi imalemera kuposa Quest 2 koma pamutu imakhala mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, nkhata ija.

Nanga zopepuka zenizeni? Zilipo. Bigscreen Beyond ya 2023 imalemera magalamu 127 okha, foni yomwe mukuwerengerapo izi mwina ikuilemera kuposa, ndipo yachiwiri yake ya 2025 anaitsitsanso kufika 107. Ukaiona pa YouTube mtima umachita phaa. Koma dzifunseni kuti magalamu 400 enawo apita kuti. Anachotsamo batire, anachotsamo kakompyuta ka mkati. Quest imadziyendetsa yokha ngati foni, mukhoza kusewera pansi pa mtengo madzulo opanda waya aliyense, pomwe Beyond payokha ndi maso chabe, imafuna waya wopita ku kompyuta yamphamvu yokhala ndi graphics card yeniyeni, chipangizo chija chopanga zithunzi za magemu, osati laputopu ya ku ofesi ija, imafunanso timabokosi totchedwa base station toika m'makona a chipinda kuti tizitsata pomwe mutu wanu uli, ndi ma controller ogula padera, ndipo zonsezi pamwamba pa mtengo wa headset yokhayo, womwe unali madola 999 pomwe yoyambayo inkatuluka mu 2023, musanawerengere transipoti ndi msonkho. Timabokosito timafuna magetsi a pa soketi, kompyutayo imakoka ma watt mazana angapo, ka sola kathu kochajira foni ndi kuyatsa mababu atatu sikangayerekeze. Magetsi akathima gemu yathera pomwepo. Quest yochaja bwino imakupatsaniko maola awiri kapena kupitirirako pang'ono, si ambiri koma ndi anu.

Palinso china chomwe kuno kwathu n'chachikulu. Beyond yoyamba ija ankaipanga molingana ndi nkhope ya munthu mmodzi, unkajambula nkhope yako ndi iPhone, iwo n'kuumba kakhushoni kokwana iweyo, ngakhale mpata wa pakati pa maso ankauika wako. Ndiye tangoganizani pakhomo pathu pano, chinthu chikabwera aliyense amafuna alaweko, asuweni, ana a aneba, ngakhale malume omwe ankati ndi zachibwana. Kapena amene mukuganiza zoika VR mu shopu ya magemu kuti ana azilipira pa mphindi. Imeneyo si yanu ayi.

Mpata wa maso ndautchulawu musauderere. Anthu ambiri akulu uli cha m'ma 63 mm koma timasiyana. Quest 2 ili ndi malo atatu okha, 58, 63 ndi 68, pomwe Quest 3 ili ndi kagudumu kozungulitsa pang'onopang'ono mpaka pakwane. Mpata ukalakwika maso amatopa, mutu umawawa, munthu n'kumanamizira kulemera. Chizungulire ndi nseru nazonso si nkhani ya magalamu: maso akuuza ubongo kuti mukuthamanga pomwe mkati mwa khutu mukunena kuti mwangoima, zofanana ndi zija zimachitika ukamawerenga foni mu minibasi pokwera mapiri a msewu wa ku Lilongwe. Yambani ndi magemu oima malo amodzi ngati Beat Saber, ndipo mukangomva kuti m'mimba mwayamba, vulani, osalimbana nazo.

Kutentha kwa Salima mu Okutobala mukukudziwa. Siponji ya kumaso imamwa thukuta ngati chigamba, ikanyowa imaterera, inu mumamangitsa lamba, ndiye chipumi ndi masaya zimapweteka. Kava ya silicone yopukutika yophimbira siponjiyo imathandiza, fani ikhale ikukupemererani. Ndipo chonde chonde, ma lens asaone dzuwa. Amasonkhanitsa kuwala ngati galasi loyatsira pepala lija tinkaseweretsa ku pulayimale, mukaisiya chagada pawindo kapena pa mchenga kunyanja dzuwa limawotcha sikirini mkati, pamatsala banga losachoka. Zimenezo ine sindikonza, ndipo mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito muivale muyang'ane pa chithunzi choyera ngati mulibe timadontho totere.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti asagulitse kaye. Lamba wa nsalu wobwera m'bokosi ndiye wolakwa wamkulu, amangokanikizira chinthu chonse pa nkhope. Pali malamba olimba okhala ndi kogwira kunkhongo, ena ali ndi batire kumbuyo komweko, amawonjezera kulemera inde koma amakoka mutu kubwerera pakati ndipo nthawi yosewera imatalikirako. Poyesa tinangotenga power bank yanga n'kuimangirira kumbuyo kwa lamba wake ndi timalabala, waya waufupi kupita pa chaja. Zosaoneka bwino, anzake atamuona akanaseka. Anaivala pa shopu pompo, anasewera mpaka ine ndinamaliza kusintha sikirini ya foni ya kasitomala wina, ndipo povula anangoti khosi lili bwino koma chipumi chikuwotcha, ndiye tinamasulako lamba wa pamwamba uja pang'ono. Akuti lamba weniweni awauza achimwene ake abwere naye pa Khirisimasi, ndalama ya Quest 3 ayambe wasunga.