NSFAS si ya aliyense, lekani kudyetsa akamberembere ndalama za fizi

Ntchito yanga ndi yolangiza ophunzira pa nkhani za fizi, ndipo pali funso limodzi limene abale athu a ku Malawi kuno ku Joni anditopetsa nalo: “Kodi fomu ya NSFAS ndilembe bwanji kuti andilipirire ku Unisa?” Chimene chimandipweteka n’chakuti ambiri amafunsa atapereka kale ndalama kwa munthu wa pa WhatsApp amene anawalonjeza kuti ali ndi mnzake m’kati.

Ndinene mosapita m’mbali. NSFAS ndi thumba la boma la South Africa lothandiza nzika za dziko lino ndi amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, bola banja lawo lisamapeze ndalama zopitirira R350,000 pachaka. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi ndi pemiti ya ntchito, kapena mulibe pepala lililonse, simuli m’gulu limeneli. Fomuyo imafuna nambala ya ID ya kuno, ndipo amaifufuza ku Home Affairs. Kulemba n’kwaulere. Wokuuzani kuti mulipire kaye akukuberani. Ngakhale kwa oyenera, wophunzira ali kunyumba, monga wa ku Unisa (yunivesite yaboma yophunzitsa anthu ali kutali), salandira ndalama za malo ogona ngati amene ali pa kampasi, ndipo thumbali sililipira m’makoleji omwe si aboma. Ngongole za HESLGB, bungwe la boma lokongoza ophunzira kwathu, nazo n’za ophunzira m’sukulu za ku Malawi, osati kuno.

Makolo, izi zikukhudzanso ana anu. Kubadwira ku Johannesburg sikupangitsa mwana kukhala nzika ngati nonse awiri ndinu obwera. Lamulo limamulola kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakulira kuno. Koma zimenezi zimatenga nthawi, ndiye musayambe kuthamanga mwana atalemba kale matric.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Ankagwira ntchito ya m’nyumba cha ku Randburg, ndipo ankafunitsitsa kukhala mphunzitsi wa ana ang’onoang’ono. Mkulu wina anamuuza kuti vuto la ID ndi laling’ono, angogwiritsa ntchito ya mlamu wake wa kuno, dzina adzasintha pambuyo pake. Mayiyo analipira. Anawerenga usiku pa foni abwana ake atagona, analemba ma assignment onse, mayeso anakhoza, ndipo anakhoza bwino. Tsiku lina mwini ID anafuna kuyamba sukulu, napeza kuti alipo kale m’kaundula. Zonse zinathera pomwepo. Mayiyo anabwera kwa ine atanyamula mapepala a zotsatira, akufunsa kuti, “Achimwene, nanga izi tizisamutsa bwanji zikhale zanga?” Ndinalibe choyankha chabwino. Palibe sukulu imene ingachotse malikisi pa dzina la wina n’kuika pa lanu, ndipo kukadandaula kunali kudzinenera yekha mlandu wa chinyengo. Chondiwawa kwambiri n’chakuti ndalama zimene anapatsa mkulu uja zikanalipira ma module ake oyamba m’dzina lake lenileni.

Njira yeniyeni ndi imeneyo, ngakhale anthu safuna kuimva chifukwa ndi yapang’onopang’ono. Unisa imalipiritsa pa module iliyonse. Simukakamizidwa kutenga zonse pakamodzi: mumalipira gawo loyamba polembetsa, zotsala n’kumaliza pofika masiku amene iwo aika. Munthu wa pa ganyu angatenge ma module ochepa pachaka n’kumayenda. Pali pangano la mayiko a SADC la zamaphunziro limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, lonena kuti ophunzira ochokera m’mayikowa azilipira fizi ngati eni dziko. Ngati yunivesite yaboma yakupatsani mtengo wa alendo akutali, funsani kawiri, muwauze kuti ndinu a SADC. Ine ndaona magulu a chipereganyu a kutchalitchi akuphunzitsa anthu kuposa bursary iliyonse, pongokonza kuti wophunzirayo alandire ndalama zake m’mwezi wolembetsa.

Amene muli pa ntchito yolembedwa, funsani abwana. Makampani amene malipiro a antchito awo onse pamodzi amapitirira R500,000 pachaka amapereka kale kuboma ndalama yofanana ndi 1 peresenti ya malipirowo ngati msonkho wa maphunziro a antchito, ndipo ena amalipirira antchito awo sukulu. Ambiri a inu simunafunsepo, mukuti n’chipongwe. Si chipongwe. Ma bursary a Canon Collins ndi Mandela Rhodes amalandira Amalawi, koma ndi a amene ali kale ndi digiri yoyamba.

Musanasunge ngakhale randi imodzi, onani kaye ngati mapepala anu akukulolani kulowa. MSCE yokha nthawi zambiri sikwanira kuyambira digiri kuno. Pamafunika chikalata cha Matriculation Board ya USAf, bungwe la mayunivesite a kuno, ndipo amene akwanitsa zaka 23 ali ndi khomo lawo lapadera ngati anakhoza maphunziro oyenera. Madipuloma ndi madigiri a kwathu amakaunikidwa ku SAQA, bungwe la boma loona za mapepala a maphunziro. Zonsezi sizitha sabata imodzi, pomwe Unisa imalandira mafomu a chaka chotsatira cha m’ma Ogasiti mpaka Okutobala. Wobwera kwa ine mu Januwale ali ndi ndalama m’manja ndimamuuza kuti wachedwa.

Ndipo ochedwawo ndi amene amagwa m’manja mwa timakoleji ta m’tauni. Mwationa, pamwamba pa mashopu, chikwangwani chikuti n’zapaintaneti, palibe chofunika, bursary ya theka kwa aliyense wolipira lero. Bursary yoti aliyense amalandira si bursary, ndi mtengo umene anaukweza dala. Funsani nambala yawo ya ku Department of Higher Education and Training, mukaiyang’ane nokha pa mndandanda wa undunawo, osati pa chikalata chimene akhoma pakhoma. Onaninso ngati kosi imene mukufunayo ili ndi nambala ya SAQA, chifukwa koleji ikhoza kukhala yovomerezeka koma n’kumagulitsa kosi yosavomerezeka. Dzina lotchuka nalo lisakugonetseni tulo: mu 2024 unduna unachotsa m’kaundula Damelin, CityVarsity, Lyceum ndi Icesa, ngakhale pambuyo pake unawabwezeretsa mongoyembekezera.

Akakuuzani kuti kulembetsa kwa iwo kukupezerani pemiti, tulukani. Kalata ya koleji si visa. Akakulozerani kwa mashonisa woti akukongozeni fizi mwa katapila n’kusunga pasipoti kapena khadi lanu la kubanki ngati chikole, dziwani kuti lamulo la kuno limaletsa zimenezo, ndipo wobwereketsa weniweni amakhala wolembetsedwa ku National Credit Regulator.