Chimene mayiko akunja anachita pobweretsa mtendere ku Mozambique

Ife a ku Mangochi sitingaione nkhani ya mtendere wa ku Mozambique ngati ya kutali, chifukwa pachipata cha Chiponde timayang'anizana ndi Mandimba, ndipo mabanja ambiri a ku Namwera ndi kwa Katuli ali ndi abale kutsidyako. Pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa boma la chipani cha Frelimo ndi gulu loukira boma la Renamo, dziko lathu linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi.

Nkhondoyo inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique pa nthawiyo, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasainirana pangano ku Rome. Amkhalapakati anali a gulu la Akatolika la Sant'Egidio, boma la Italy ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndipo zokambiranazo zinatenga zaka ziwiri.

Kusaina kunali chiyambi chabe. Bungwe la United Nations linatumiza asilikali opitirira 6,000 kuti ateteze misewu ikuluikulu, ndipo omenya nkhondo a mbali zonse anasonkhanitsidwa m'misasa kuti atule zida. Koma chimene ndimachiona kuti chinali chanzeru koposa, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri, ndi ndalama: asilikali otula zida ankalandira kangachepe kwa zaka ziwiri kuti akhazikike kumudzi, ndipo panakhazikitsidwa thumba lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale, pozindikira kuti munthu sasiya mfuti ngati sakuona njira ina yopezera chakudya kapena yomveketsera mawu ake. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu Okutobala 1994, ndipo posakhalitsa asilikali akunjawo ananyamuka.

Apa m'pamene panatsala ntchito. Zida zambiri zinakhalabe zobisika m'tchire, ndipo Renamo sinkakhulupirira bungwe loyendetsa chisankho, moti mfuti zinaliranso mu 2013. Panafunika pangano lina, lomwe Filipe Nyusi, pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, ndi Ossufo Momade, yemwe analowa m'malo mwa Dhlakama, anasaina mu Ogasiti 2019, ndipo msasa womaliza wa Renamo ku Gorongosa unatsekedwa mu 2023.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mayiko opereka chithandizo amafulumira kulipirira kutolera mfuti ndi tsiku loponya voti, koma amatopa msanga ndi ntchito yapang'onopang'ono yokonza makhoti, apolisi ndi kawerengedwe ka mavoti kuti wogonja azivomereza zotsatira popanda kukayika. Chisankho cha mu Okutobala 2024 chitakanidwa ndi otsutsa boma, zipolowe zinabuka, ndipo pofika Disembala anthu zikwizikwi anali atawolokeranso ku Nsanje ndi ku Chikwawa.