Woyamba kubwezedwa asakhale amene akuimba foni kwambiri

M'matauni mwathu muli mabanja ambiri amene malipiro amalowa Lachisanu, pofika Lolemba ndalama yatha, koma m'nyumba simunalowe ngakhale thumba la ufa. Ina yapita kwa wa katapila, ina kubanki m'khonde ya mayi a m'nyumba, ina kuokala komwe munkatenga sopo ndi shuga mwezi wonse, yotsalayo kwa alamu amene anakuthandizani mwana atagonekedwa m'chipatala. Pofika pa 10 mwayambanso kukongola.

Anthu otere akabwera kudzafuna uphungu, mawu awo oyamba amakhala akuti malipiro ndi ochepa. Sanama ayi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zinthu inathamanga n'kusiya malipiro kumbuyo. Koma za mphamvu ya kwacha, inu ndi ine tilibe ulamuliro. Chili m'manja mwathu ndi kusankha amene tiyambe kumubweza, ndipo apa m'pamene ambiri timaluza ndalama. Timayamba ndi amene akuimba foni kasanu pa tsiku, kapena amene tikuchita naye manyazi tikakumana kutchalitchi, pomwe ngongole imene ikutidya kwenikweni ikukula mwakachetechete.

Tengani kope la mwana wasukulu, mukhale pansi nonse awiri, bambo ndi mayi, ana atagona. Lembani ngongole iliyonse, ndipo pambali pake mulembe zinthu zitatu: yatsala zingati, ikubala zingati pa mwezi, komanso chimene mungataye mukalephera kubweza. Ntchito imeneyi imawawa, chifukwa m'mabanja ambiri muli ngongole imene mnzako saidziwa. Bambo ali ndi katapila kuntchito, mayi ali m'magulu awiri a banki m'khonde pomwe kunyumba anangonena limodzi. Usiku umenewo si wozengana milandu. Bajeti yomangidwa pa theka la choonadi imagwa mwezi woyamba womwewo.

Pa zitatuzo, chovuta ndi chachiwiri, chifukwa obwereketsa salankhula chilankhulo chimodzi. Banki imatchula chiwongoladzanja cha pa chaka. Wa katapila ndi banki m'khonde amatchula cha pa mwezi. Munthu akamva kuti kubanki ndi 36 peresenti ndipo kugulu ndi 20 peresenti, amaganiza kuti kugulu n'kotchipa. Gawani 36 ndi miyezi 12, mupeza 3 peresenti pa mwezi. Ndiye kuti pa K100,000 yomweyo, kubanki mukulipira pafupifupi K3,000 pa mwezi, kugulu K20,000, ndipo kwa wa katapila amene amatenga theka, K50,000. Mu 2024 Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko lino, inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ngongole za m'mabanki n'kukwera mtengo, anthu n'kudandaula, ndipo m'pomveka. Komabe ngakhale zitatero, banki ndi katapila n'zosayerekezeka n'komwe.

Tiyeni tiime pang'ono pa katapila. Mwatenga K100,000, mwagwirizana kuti pakutha pa mwezi mubweza K150,000. Tsiku lafika, K150,000 yonse palibe, ndiye mwini ndalama akukuuzani mwaulemu kuti, "Musadandaule achimwene, ingoperekani yapamwambayo, inayo tionana mwezi wamawa." Mukupereka K50,000, mukubwerera kunyumba mtima uli m'malo ngati wakuchitirani chifundo. Mukachita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi, mwapereka K300,000, koma K100,000 ija ikadali chilili. Wa katapila safuna kuti mumalize. Phindu lake lili pa inu amene mumabwera mwezi ndi mwezi ndi yapamwamba yokha. N'chifukwa chake ena amasunga khadi lanu la ATM pamodzi ndi nambala yachinsinsi, kapena chiphaso chanu cha unzika, kuti malipiro akangolowa ayambe iwo kudya inu musanaone.

Ngongole imeneyi ndiyo yoyamba kuphedwa, ndipo imaphedwa podula mutu wake, osati pothirira yapamwamba. Ngati muli ndi K70,000, musangoisiya m'manja mwake; muuzeni pamaso pa mboni kuti K20,000 ikuchotsa pa mutu wa ngongole, ndipo zilembedwe papepala nonse musainire. Ngati m'nyumba muli chinthu chimene mungakhale popanda icho, kaya ndi foni yachiwiri, wailesi yakanema kapena mbuzi kumudzi, kuchigulitsa nokha pa mtengo wabwino kuli bwino kusiyana n'kudikira kuti achitenge ngati chikole pa theka la mtengo wake. Ambiri amakana poopa zonena za anthu oyandikana nawo nyumba. Ine ndimawafunsa kuti wailesiyo ikuwabweretsera K50,000 pa mwezi kodi?

Kukongola kuti ubweze ngongole nthawi zambiri kumakhala kukumba dzenje kuti ukwirire lina. Pali malo amodzi okha pomwe ndimavomera: ngati muli membala wa SACCO (bungwe limene mamembala amasungako ndalama n'kumabwerekana), kapena kuntchito kwanu amapereka ngongole ya chiwongoladzanja chochepa, tengani ndalama yokwanira kutseka katapila yekhayo, osawonjezerapo ya "zina ndi zina", ndipo mukatseke tsiku lomwelo ndalama isanagone m'nyumba. Ikagona, m'mawa mupeza kuti pabuka vuto lina loifuna.

Banki m'khonde ndi nkhani ina. Chiwongoladzanja chake n'chokwera, koma sichipita kwa mlendo. Chimabwerera m'bokosi la gulu, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka gawo lina limakupezani malinga ndi masheya anu. Kwa mayi amene akuoda tomato kapena kaunjika, n'kubweza mwezi womwewo kuchokera pa phindu, gulu ndi mpamba wabwino. Zimasokonekera pamene munthu akutenga kugulu la Lachiwiri kuti akabweze kugulu la Loweruka, kapena akutenga ndalama ya 20 peresenti pa mwezi kuti agulire ndiwo. Ndiwo sizibala. Ngati mwafika pamenepo, tsalani m'gulu limodzi, chepetsani masheya amene mumaponya mpaka ngongole ithe, ndipo auzeni anzanu poyera lisanafike tsiku loti abwere kudzanyamula ziwiya.

Ogwira ntchito zolandira pamwezi, makamaka a m'boma, ali ndi msampha wawo: ngongole zodulidwa pa malipiro. Musanasaine, funsani funso limodzi: kodi chiwongoladzanja akuwerengera pa ndalama yonse imene munatenga, kapena pa imene yatsala? Pa K500,000 ya miyezi 12 pa 4 peresenti pa mwezi, akamawerengera pa yonse mulipira K240,000 yapamwamba; akamawerengera pa yotsala mulipira pafupifupi K140,000. Papepala zonse zalembedwa 4 peresenti, koma zasiyana ndi K100,000. Afunseninso ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pomaliza, kuphatikizapo yolembetsera ndi ya inshuwalansi. Ndipo akakuimbirani ngongole ili pafupi kutha n'kukuuzani kuti mukhoza kuwonjezera ina pamwamba, kumbukirani kuti mwezi umene malipiro anu akanabwerera athunthu ndi umene iwo akufuna kuutalikitsa.

Zonsezi sizitanthauza kuti banja ligone ndi njala pofuna kusangalatsa okongoza. Malipiro akalowa, zoyamba ndi lendi, chimanga kapena ufa, makala, mayunitsi a magetsi, madzi ndi ndalama yoyendera kupita kuntchito mpaka mwezi utha. Mulipiretu kapena mugulire tsiku lomwelo. Munthu amene wapereka zonse kungongole n'kutsala wopanda ya minibasi, pa 12 adzakhala ali pakhomo pa wa katapila yemwe uja. Zotsala mukachotsa zimenezi ndizo zobwezera: aliyense alandire kochepa kamene munagwirizana, ndipo yonse yotsala ipite pa ngongole imodzi yokha, yodula kwambiri. Imeneyo ikatha, ndalama imene inkapita kumeneko isalowe m'thumba. Isamukire pa yotsatira.

Tingongole ta pafoni, kaya ndi mayunitsi oimbira kapena kandalama ka masiku ochepa, tilembeninso m'kope muja. Timaoneka tochepa, koma kuti mudziwe mtengo wake, werengani kuti mwatenga kangati mwezi uno ndipo nthawi iliyonse anakudulani zingati.

Ngongole zambiri zimene timati zadzidzidzi, tikaunika bwino, tsiku lake linali lodziwika kalekale. Fizi ya ana imafunika mu September, mu January ndi mu April chaka chilichonse. Feteleza amafunika mvula isanagwe. Chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola, cha m'ma May ndi June, n'kukwera kwambiri mu January ndi February, nthawi yomweyo imene fizi yafika ndipo ndalama ya Khirisimasi yatha. Amene angathe kugula matumba angapo nthawi yokolola, n'kuthira mankhwala oteteza ku anankafumbwe, wadzichotsera ngongole ya January asanaitenge. Fizi ya teremu igaweni pa miyezi inayi, muzisunga padera mwezi uliwonse, kaya ku SACCO kapena pa akaunti imene khadi lake simuyenda nalo. Maliro ndi matenda ndiye sapangana ndi munthu, n'chifukwa chake ngakhale muli pakati pobweza, kandalama kochepa koikidwa padera mwezi ndi mwezi n'kofunika. Za perekaniperekani wa paukwati, chaka chobweza ngongole si chaka choponya ndalama kuti akuoneni.

Mukaona kuti mwezi uno ngongole ya kubanki kapena ya kubungwe lobwereketsa simukwanitsa, pitani nokha tsiku lisanakwane mukapemphe kuti akutalikitsireni nthawi. Kuzimitsa foni sikuthandiza. Chichokereni lamulo la Credit Reference Bureau la 2010, mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole imasungidwa, ndipo obwereketsa ena amaiona asanakupatseni ngongole ina.

Nanga alamu aja, amene ndalama yawo ilibe chiwongoladzanja? Pa masamu ndi omaliza kubwezedwa, koma musawasiye chete. Pitani kwawo, muwauze mwezi umene mukuyembekeza kumaliza, ndipo pakadali pano muziwatumizira ngakhale K5,000 mwezi uliwonse osadikira kuti akukumbutseni.